Dzina la pa Mabokosi

Bambo Ezekiel Grieve ayendetsa basi mu Glasgow zaka khumi ndi zisanu, ndipo ku Maryhill kulibe Mmalawi amene sanamvepo mbiri ya dzina lawo. Ankaifotokoza ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Kuno ku Scotland, iwo ankatero, grieve ndi kapitawo wa pafamu, woyang'anira anzake. Agogo awo analandira dzinali kwa mzungu wa esiteti ku Thyolo, amene ati ankawakonda ngati mwana wake. Nkhaniyi inkawatukumula moti pa maukwati ankavala siketi ya Asikoti ija, mawondo otuwa ali pamtunda, amayi a kumpingo akusekera kumbali.

Mdzukulu wawo woyamba atabadwa, a Ezekiel analamuliratu kuti mwanayo akalembetsedwe kuti Grieve. Anatumanso mwana wawo Rowland, bambo wa khandalo, kunyumba yosungira makalata akale kuti akapeze umboni woti adzawerenge pa phwando la ubatizo.

Rowland anabwerako ndi pepala limodzi, osaseka. Inali kalata ya mzungu uja yopita kwa mlongo wake. Ankadzitama kuti katundu wake sasowa, chifukwa chilichonse amachipatsa dzina la iye mwini, Grieve: mabokosi, mfuti, galu, ndi amuna anayi omunyamula pa machila. Wamphamvu pa onsewo, Chakufwa, anali atathawapo kawiri. Tsopano poti ndi Grieve, aliyense womugwira akudziwa kokamubweza.

A Ezekiel anawerenga mpaka pansi. Ankadziwa kuti Chakufwa ndi dzina limene agogo awo ankaitanidwa nalo ndi akazi awo okha, motsitsa mawu. Zaka zonsezi, munthu wamkulu ndi imvi zake, mkulu wa mpingo, wakhala akunyadira chidindo cha pa bokosi! Anayang'ana siketi ija pomwe inapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo inawanyansa ngati chiguduli chokolopera. Koma amene anawanyansa kwambiri ndi iwo eni, pokumbukira Asikoti onse amene ankawagwira chanza m'basi n'kumawatchula kuti achibale.

"Adadi, Lachisanu ndi tsiku lomaliza kulembetsa mwana," anatero Rowland. "Ndiye tikalembe chiyani?"

"Ukalembe Chakufwa."

"Koma anthu a kuno lizidzawavuta kutchula. Kusukulu, kuchipatala..."

"Liwavute," anayankha a Ezekiel, akupinda pepala lija. "Agogo anga ananyamula mzungu wathunthu pamapewa kukwera naye mapiri a ku Thyolo. Iwowa alephere kunyamula dzina lokha?"