Chipinda Chosakhudza Nyumba

Mboni zanga ndi zitatu, ndizitchuliretu. Azakhali Rosa, omwe akadali moyo kwathu ku Chiuaula, m'tauni ya Lichinga, ndipo amatsutsa za mbuzi zokha. Che Buanar, oyandikana nafe, omwe anamwalira osatsutsa kanthu. Yachitatu ndi dzanja langa lamanjali.

Ndikakumbukira agogo Amisse, ndimamva fungo la dothi lofiira longokumbidwa kumene, losakanikirana ndi utsi wa fodya wopichira m'mapepala a kope langa la kusukulu. Anali pedereiro, mmisiri womanga nyumba, kuyambira nthawi imene Lichinga ankatchedwa Vila Cabral. Apwitikizi pochoka anawasiyira chitsulo chachitali chobayira pansi, basi.

Nkhondo itafika ku Lione, mwana wawo, azakhali Rosa, anatulukira kwathu ndi ana anayi ndi mphika umodzi. Ankagona m'khitchini pakati pa matumba a mbatatesi, ndiye agogo anati awamangira chipinda kuseri kwa nyumba. Koma kuseriko kale kunali dzala, pansi pake kadambo. Atabayapo chitsulo chija, chinalowa chokha ngati m'phala. Ndikulumbira, akanapanda kuchigwira bwenzi chikupitabe mpaka lero.

Fita, tepi yoyezera, agogo anali atasinthanitsa ndi mchere, choncho muyeso ndinali ine, wa zaka zisanu ndi zitatu. M'mawa uliwonse ankanditsitsira m'ngalande ya maziko.

"Mutu ukuonekabe. Rosa, khasu!"

Tsiku limene ndinasowa yense, chitsulo chinalira kuti ngwee pa nthaka yolimba. Anayala miyala yotambalala ngati mphasa pansi, kumachepetsa pokwera. "Pa dothi lofewa nyumba iziponda ngati bakha, osati ngati nkhuku," anatero.

Che Buanar anali atamaliza kale chipinda chawo chowonjezera. Anakumba kulekeza m'bondo, njerwa zatsopano n'kuzilowetsa m'khoma lakale ngati mano.

"Che Amisse, mukufuna madzi kapena golide?" ankafunsa atasuzumira pampanda.

"Ndikufuna pansi."

Chimene chinabweretsa mlandu ndi mpata. Agogo sanalumikize khoma latsopano ku lakale. Anaika dzanja langa pakati, n'kusiya mpata wotero kuchokera pansi mpaka kudenga, pamwamba n'kuvindikira ndi kachidutswa ka lata kuti mvula isalowe.

Azakhali atauona anagwetsa misozi.

"Ababa, ndakumba mpaka manja kutuluka matuza, inu n'kutimangira chipinda chosakhudza nyumba yanu? Ndife alendo eti? Nenani, tibwerere ku Lione."

"Ku Lione kuli mfuti, iwe Rosa."

"Mfuti sizinyansidwa ndi munthu."

"Tamvera. Yakaleyi inakhazikika kalekale, yatsopanoyi ikhala ikutsika pang'onopang'ono. Ndiponso nthaka ya kuno imagwedezeka. Ina ikapita uku, ina uko, utazimanga pamodzi, zing'ambana."

Azakhali sanamve. Anakana kulowamo, anamanga katundu, n'kumadikira Loweruka kuti anyamuke ndi ana wapansi. Agogo sanatseke mpatawo. Ankangokhala pamwala n'kumasuta masamu anga.

Lachinayi masana, tikumenya nyemba pabwalo, pansi panalira ngati magalimoto a asilikali akubwera mondondozana. Tonse tinadzigwetsa, kuyesa nkhondo yalowa m'tauni. Chinali chivomezi. Mbuzi yathu inalumpha mpanda chammbuyo. Azakhali amati chammbali, koma iwo anali atatsinzina. Ine maso anali pa mpata uja, ndipo ndinauona ukutseka ndi kutseguka ngati kamwa ya mlamba.

Kutadekha, chipinda cha Che Buanar chinali chitapendekeka, chitazula khoma lakale, bedi lawo lili poyera pamaso pa Chiuaula yense. Nyumba yathu yakale inang'aluka pangodya, mng'alu woti mphaka ankadutsa osatsitsa mchira. Koma chipinda chatsopano, ngakhale kangaude wa pakhomo sanasamuke.

Azakhali anamasula katundu, n'kulowa ndi ana. Dzuwa likupendeka, mitambo ikuda, agogo anayang'ana mng'alu wa nyumba yawo, anapinda mphasa, n'kukaima pakhomo latsopano.

"Odi kuno! Mumalandira alendo?"

Anawaimika panja ola lathunthu. Pamenepa azakhali satsutsa, amangoseka.

"Lowani, Ababa," anatero pomaliza. "Koma musiye mpata."

Tinagona mmenemo tonse mpaka mvula kutha, ndipo za ku Lione sizinatchulidwenso. Patangotha sabata chichitikireni chivomezi, Che Buanar anabwera chipewa chili m'manja kudzabwereka zida ziwiri: chitsulo ndi ine.

Chitsulocho chili kwa ine tsopano, kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense womanga m'dera lathu amayamba wadzachitenga. Chipinda chija chikadalipo, chadutsa zivomezi zina osatsokomola. Ndikapita kukaona azakhali, ndisanawapatse moni ndimazungulira kaye kuseri kukayesa dzanja mumpata. Sililowanso. Azakhali amati ndanenepa. Ndimavomera, chifukwa khoma la agogo silinasunthe.