Golovesi Imodzi ya Ba Sakala

Fungo la penti yopserera pa lata likangondilowa m'mphuno, kaya ndili mu minibasi kaya ndili pakati pokangana ndi kasitomala, ndimabwerera ku komboni ya Chawama, kuseri kwa nyumba yathu ya zipinda ziwiri, kumene Ba Sakala ankawotchera migolo yakale kuti aisandutse mbaula. Utsi wake unali wakuda, wokanda kukhosi, wolowa m'zovala zonse zimene amayi ankayanika pa waya, ndipo azimayi asanabwere n'komwe kotunga madzi ku mpopi, nyundo inali itayamba kale kulira pa chidutswa cha njanji chimene chinali tebulo la mdalayo: ngwe, ngwe, ngwe, mpaka dzuwa kupendeka. Ana a pa laini yathu tinakula ndi phokoso limenelo moti tsiku limene ankadwala, komboni inkamveka ngati muli maliro.

Anali munthu wamfupi, wa ku Petauke, wokhala yekha chifukwa akazi awo anamwalira ife tisanabadwe. Akuluakulu ankawatchula Ba Sakala, ife ana tinkati ambuya. Ankavala ovolosi yabuluu yofwifwa, ndi golovesi imodzi yokha ya chikopa ku dzanja lamanzere, imene sankaivula ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Tinkaganiza kuti inzake inabedwa.

Chimene chandikumbutsa mdala ameneyu chaka chino ndi inki yofiira. Ine ndinakulira pa msika, kugulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale, ndipo ndimadzitama kuti munthu akangoima pa sitandi panga ndimayang'ana zimene wavala kumapazi n'kudziwiratu ngati wabwera kudzagula kapena kudzanditayitsa malovu. Uphunzitsi ndinaulowa mochedwa, ndipo tsopano, imvi zitayamba m'mbali mwa mutu, ndikuchita masitazi ya saikoloje ya maphunziro, ndiye kuti kuphunzira mmene mutu wa mwana umalandirira zimene akuphunzitsidwa ndi zimene zimautsekereza. Loweruka m'mawa ndili m'kalasi, masana ndili pa sitandi. Mu kosi ina anatipatsa ntchito yoti aliyense akakhale kumbuyo kwa kalasi milungu inayi, kuyang'ana mwana mmodzi yekha n'kulemba zimene akuona. Ine anandipatsa kamtsikana ka giledi 3. Katswiri wa nsapato ine, ndinamaliza tsiku loyamba lomwelo. Ndinalemba kuti mwanayu ndi waulesi, sayang'ana pa bolodi, amangokopera m'kope la mnzake. Alekichala athu, mayi wamng'ono kwa ine ndi zaka zingapo, anandibwezera pepalalo atalemba mzere umodzi wofiira: "Ba Phiri, ichi ndi chigamulo. Nanga zimene munaona zili kuti?"

Ndinaseka nawo anzanga a m'kalasi, poti kuseka ndiye malonda anga. Koma pobwerera kunyumba mu basi ndinakumbukira kuti inenso ndinaweruzidwapo m'tsiku limodzi.

Ndinabadwa wamanzere. Kwathu limenelo silinali vuto laling'ono. Dzanja lamanzere ndi la kuchimbudzi. Sudyera, supatsira munthu chinthu, sulandirira, ndipo mwana wochita zimenezo amanyozetsa amene anamulera. Amayi ankandikulunga dzanjalo mu chitenje nthawi ya chakudya, akunong'ona kuti, "Usandichititse manyazi kwa apongozi, mwanawe." Kusukulu aphunzitsi athu a giledi 1 anandiona tsiku loyamba nditagwira pensulo kumanzere, nandimenya ndi m'mbali mwa lula pa mfundo za zala. Ndinasinthira kumanja. Zilembo zinkatuluka ngati nkhuku yapalasa, anzanga akamaliza tsamba ine ndili pa mzere wachiwiri, ndipo pofika giledi 3 lilime nalo linayamba kukakamira. Dzina langa lomwe, Dalitso, linkandithera pa "Da-da-da", kalasi yonse ikundithandiza kuimba. Temu iliyonse ndinkagwira mchira.

Atate ankanyamula matumba ku mafakitale, munthu wa ku Katete wosachulutsa mawu. Lipoti la temu yachiwiri ya giledi 4 analiyang'ana nthawi yaitali, nalipinda kanayi, n'kunena kuti: "Temu ikubwerayi ukakhalanso womaliza, upita kumudzi ukawete ng'ombe za amalume ako. Sukulu si ya aliyense." Sanakalipe. Ndi chifukwa chake ndinadziwa kuti zachitika kale.

Masiku amenewo ndikaweruka ndinkathawira kwa Ba Sakala, chifukwa kunali kokhako kumene munthu sankafunsidwa mafunso. Mdalayo sankacheza ndi ana. Ankagwira ntchito, iwe n'kukhala pa njerwa kumayang'ana mmene akudulira mgolo ndi sizasi yaikulu, kuupinda, kuboola mabowo a mpweya ndi msomali wonenepa kuti malasha azikayaka bwino. Asanadule lata lililonse ankayamba aligogoda ndi chala, khutu ali tcheru. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chake, funso limene linanditengera nthawi kuti lituluke, ndipo iwo anadikira osandimalizira mawu.

"Lata ukalibe kuidula, yamba waimvela kulila," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Yina ioneka bwino kunja, mukati yadyewa."

Sindinkadziwa kuti nanenso ankandigogoda. Kwa milungu itatu kapena inayi ankandiponyera tinthu mwadala, osandiuza chifukwa: bango likagwa mu mtengo wawo, "Gwila, mzukulu", msomali, "Nipatseko uyo", ankaona dzanja limene linkayamba kutuluka ndisanakumbukire kuti ndi loletsedwa. Ankaona kuti ndikamajambula magalimoto pa dothi ndi kamtengo kumanzere, mizere inkawongoka. Ankamvanso kuti ndikamajambula choncho n'kumadziyankhulira ndekha, lilime silinkakakamira kwambiri. Zonsezi anadzandiuza nditakula. Nthawi imeneyo za zimenezi sananene liwu ndi limodzi lomwe.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, atate atakhala pa mpando wa ndalema pa mthunzi wa khoma, Ba Sakala anatulukira atavala jekete pamwamba pa ovolosi, atanyamula lata, msomali ndi nyundo. Jeketeyo ankaivala pa maliro pokha, choncho amayi anasiya mbale zimene ankatsuka.

"Odi, Ba Phiri. Nabwela na nkhani ya mwana."

"Walakwa chiyani?" anatero atate, akundiyang'ana kale.

"Palibe. Iwe, bwela. Boola mabowo asanu apa, na kumanja."

Ndinaboola. Mabowo anapita uku ndi uku ngati mapazi a chidakwa, ndipo lachinayi nyundo inatera pa chala changa.

"Manje na kumanzele."

Ndinayang'ana atate. Sanandiletse, mwina chifukwa cha jekete ija. Ndinaboola asanu, mzere umodzi, ofanana ngati mabatani a shati.

"Mwaona?" anatero mdalayo. "Uyu mwana si wopusa iyayi. Mwamumanga ku dzanja limene lilibe nzelu."

"Mbaula si sukulu, Ba Sakala."

"Ni dzanja imodzi-modzi. Ine nifuna so: mulekeni mwana. Adye na kumanzele, apatse moni na kumanzele, chopeleka ku chechi na kumanzele. Vonse."

Atate anadzuka pa mpando. Sindinawaonepo atakwiya choncho pamaso pa munthu wamkulu. "Adyere kumanzere? M'mbale imodzi ndi ine? Apereke moni kwa agogo ake ndi dzanja la kuchimbudzi? Inu ndinu akulu, musandiyankhulitse zoipa pa Sabata."

"Chabwino, chabwino, nkhalani pansi. Kudya nakusiyilani. Adye na kumanja."

"Ndi moni yemwe."

"Awe, moni mwanidyela, Ba Phiri. Koma tengani. Na moni."

"Kulandira chinthu kwa akulu. Chopereka."

Mdalayo anagwira mutu ngati munthu amene akumulanda katundu. "Imwe a ku Katete ndimwe olimba. Tengani vonse ivo. Manje ine nasala na chani? Pensulo chabe. Kanthu kang'ono so."

Panapita zaka, ndili pa sitandi panga, ndikutchula mtengo wa kumwamba kwa kasitomala kuti tikakumane pamene ndinkafuna, m'pamene ndinazindikira zimene mdala uja anachita. Za kudya ndi za moni sankazifuna n'komwe. Anabwerera pensulo yokha, ndipo zinazo anazibweretsa kuti atate akhale ndi zoti apambane.

Koma atate nawo sanali kasitomala wa dzulo. "Pensulo panyumba pano, chabwino," anatero. "Kusukulu ayi. Aphunzitsi anaphunzira, akudziwa chimene akumenyera."

Apa Ba Sakala anatola nyundo yawo ndi lata, natembenuka ngati akupita, ine ndikuona kale ng'ombe za amalume. Atayenda mapazi atatu anaima. Anaika zida pansi, n'kuyamba kuvula golovesi ija, chala chimodzichimodzi.

Dzanjalo linali lowonda kuposa linzake. Pa mkono panali chipsera chozungulira ngati chibangili, cholowa mkati, ndipo zala ziwiri zomalizira zinali zopindikira m'chikhatho, zosawongoka.

"Atate anga ananimanga na luzi m'chiuno, dzinja lonse," anatero, mawu atatsika. "Sanali oipa. Anafuna nikhale munthu. Luzi inadya nyama, chilonda chinaola. Ku sukulu ninayenda chaka chimodzi, ba ticha anati mutu wanga ni mwala. Nyundo ninaphunzila na kumanja, yes, nidya nayo. Koma dzina langa, Ba Phiri, mpaka lelo nimadinda chala monga kawalala wakuba ku polisi."

Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo za kwaya, ndipo amayi anali atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, chitenje chomwe chija chondikulungira dzanja. Atate anayang'ana chipseracho, nayang'ana mfundo za zala zanga zimene zinali zakuda ndi lula.

"Temu imodzi," anatero potsiriza. "Akagwiranso mchira, apita."

"Temu imodzi," anavomera Ba Sakala. "Koma ku sukulu mukakambe ndimwe. Ine niliko na jekete chabe, imwe ndimwe atate ake."

Lolemba m'mawa atate anandiperekeza, chinthu chimene anali asanachitepo. Anaima pakhomo pa kalasi, chipewa chili m'manja, nauza aphunzitsi kuti mwana uyu azilembera kumanzere, ndipo ngati pali mlandu ndi wawo. Aphunzitsi anakweza mapewa n'kunena kuti, "Ni mwana wanu."

Ndikanakonda kunena kuti ndinakhala nambala wani, koma amene amandidziwa angandigwire bodza. Dzanja lamanzere linali litaiwala zambiri, linkafuta inki ndi m'mbali mwake, ndipo masamu sankasamala kuti ndikulembera dzanja liti. Chimene chinasintha n'choti ndinayamba kumaliza tsamba limodzi ndi anzanga. Temu itatha, pansi pa dzina langa panali mayina khumi ndi limodzi. Atate anawerenga mayinawo ndi chala, nalipinda lipotilo kawiri kokha, n'kuliika m'Baibulo. Za Katete sanazitchulenso. Chibwibwi chinatha pang'onopang'ono, ngakhale mpaka lero kasitomala akandikwiyitsa kwambiri chimabwera kudzandiona. Mabuku amene tikuwerenga ku yunivesite sagwirizana ngati kusinthitsa mwana dzanja kumabweretsadi chibwibwi. Ine sindikangana nawo. Ndimangodziwa za lilime langa.

Ba Sakala anamwalira ine ndili ku Nakonde kokatenga mabelo a nsapato. Pobwera ndinapeza ataikidwa kale, chidutswa cha njanji chija atagulitsa kwa a zitsulo zakale, m'nyumba mwalowa anthu ena. Ine amene ndimatha kuyankhula ndi munthu wosamudziwa ola lathunthu za chidendene cha nsapato, sindinapezepo tsiku loti ndikakhale pa njerwa ija n'kunena kuti zikomo, ambuya. Ndinkati ndidzapita ndikadzakhala ndi chooneka m'manja. Amayi anandisungira msomali wawo wobowolera, umene anautola pa dothi tsiku losesa.

Sabata yotsatira inki yofiira ija, ndinabwerera ku kalasi ya kamtsikana kaja, n'kukhala kumbuyo, pakamwa nditatseka, zimene kwa ine ndi chilango. Sabata yoyamba ndinalemba kuti aphunzitsi akamalemba pa bolodi, iye amatsinzinira maso n'kutosa mutu kutsogolo, kenaka amatembenukira ku kope la mnzake. Yachiwiri ndinalemba kuti akapatsidwa buku m'manja amawerenga osaphonya, mphuno ili pafupi ndi tsamba. Yachitatu ndinaona kuti pa bwalo mnzake akamukodola ali patali, sayankha mpaka atamutchula dzina. Sindinalembe chigamulo. Ndinapempha aphunzitsi ake kuti amuike kutsogolo, ndipo ndinapita kwa amayi ake, amene amagulitsa tomato pa msewu, kukakamba za kukapimitsa maso ku kiliniki. Ndinavala jekete.

Msomali uja umakhala m'thumba la chikwama changa, pamodzi ndi zolembera. Ntchito yonse ya milungu inayi ndinailemba ndi dzanja lamanzere, masamba khumi ndi awiri, inki itafutika m'mbali monga mwa nthawi zonse. Popereka kwa alekichala ndinaisamutsira ku dzanja lamanja, lamanzere litagwira pa chigongono. Atate ndi Ba Sakala onse anapita, koma pangano lawo la pa mthunzi wa khoma palibe analimasula, ndipo ine ndikulisungabe.