Makilomita Khumi ndi Awiri Otsala

A Ambrosio Ngoma anawaona koyamba a Overstone Chikwekwe m'chaka cha 2009 ku Dublin, mmawa wina wa mvula yamawawa, pa geti la chipatala cha St James's. Bambo wa imvi anatulukira akuthamanga, jombo kuphazi, envulopu m'khwapa, koma osapuma wefuwefu. Ataima anang'ung'udza yekha kuti, "Mvula yakunonso, abale!"

A Ambrosio, munthu wa ku Chipata, anatembenuka. "Mdala, akukupirikitsani apolisi?"

"Ndachokera ku Drumcondra. Basi imachedwa."

"Mmalawi ndithu! Kuumira mpaka kupikisana ndi basi."

Zaka zimenezo chuma cha Ireland chinali chitagwa chagada. Nyumba zinasiyidwa zili yasa, zopanda madenga, ndipo amisiri anabalalika ngati ngumbi. A Overstone anali mmodzi wa iwo. Mu envulopu muja munali kalata yofunsira ntchito. A Ambrosio, amene ankakankha odwala pa machira a matayala, anawalozera khomo loyenera, ndipo posakhalitsa awiriwo ankagwira ntchito imodzi.

Mbiri ya a Overstone inatuluka pang'onopang'ono pa tiyi wa masana.

"Ine ndathamangapo ndi akatswiri a marathoni a dziko lonse," anatero tsiku lina. "Ku Holande, ku Jeremani, mpaka ku Japani."

"Nanga mendulo munagulitsa?"

"Ndilibe ndi imodzi yomwe."

Kalelo, wotchi zolankhula ndi setilaiti zisanabwere, okonza mipikisano ankalemba anthu okokera akatswiri liwiro. Wokokera ankatsogola, kutchinga mphepo, ndi kusunga mayendedwe amodzi: kilomita iliyonse mphindi zitatu ndi timasekondi, osaonjeza, osachotsa. Akafika pa makilomita 30 ankapatuka, kusiyira eni mpikisano njira. A Overstone anaphunzira liwiro ku usilikali, ndipo makochi ankati mwana wa ku Dedzayu ali ndi wotchi m'miyendo. Anakoka mipikisano khumi ndi isanu ndi inayi. Ena amene anabisala kumbuyo kwawo anakwezedwa pa nsanja, nyimbo za maiko awo zikulira. Iwo mzere womalizira ankauonera pa zenera la basi yotola otsalira.

Zimenezi ankazinena akuseka, koma a Ambrosio ankadziwa pamene panali chilonda. Melody, mwana wamkazi wa a Overstone wokulira ku Dublin, anawafunsa tsiku lina m'Chingerezi kuti anamaliza marathoni angati. Bambo ake anangoyang'ana m'kapu.

Mu Okutobala 2011, ali ndi zaka 54, analembetsa marathoni a Dublin. "Kamodzi kokha, achimwene," anatero. "Ndiponde mzerewo ndi phazi langa."

A Ambrosio anakaima cha ku Milltown, pa makilomita 30, nthochi zili m'thumba. Anawaona akubwera, msana uli chilili, mapazi akugunda mofanana ngati mtondo wa anthu awiri. Kumbuyo kwawo kunali chigulu cha anthu oposa makumi awiri, achizungu okhaokha, amene anazindikira kuti mkuluyu sasintha liwiro, nangomukakamira ngati nkhupakupa.

Atangoponda pa chizindikiro cha 30, a Overstone anapatukira kumanzere, nakweza dzanja kuuza gulu lija kuti lidutse, nazimitsa wotchi, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Nkhope yawo inali ya munthu amene waweruka bwino.

"Mdala! Mwaimiranji?"

A Overstone anawayang'ana a Ambrosio, nayang'ananso msewu. Kumwetulira kuja kunazilala.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndaweruka."

Anadzuka kuti apitirize, koma mphepo yozizira inali italowa kale. Minofu inakungika gwa, mwendo wamanja unakana kupindika. Anayesa katatu. Kachinayi a Ambrosio anawafunditsa jekete.

Chaka chotsatira mtima unayamba kuvuta, ndipo dokotala analetseratu zothamanga. A Overstone anasiya ntchito, nasiyanso nthabwala. Nkhani ya marathoni ikayambika pa wailesi yakanema, ankapita kukhitchini.

A Ambrosio ndiwo anabwera ndi nzeru, Lamulungu lina la m'chilimwe cha 2013, Misa itatha. "Zotsala zija n'zingati?"

"Makilomita 12 ndi mamita 195."

"Tiyeni tikazitole. Makilomita awiriawiri pa sabata, poyenda."

"Marathoni sadya mobenthula ngati chinangwa."

"Wopanda mano amabenthula, mdala. Ine nditsogola."

"Inu? Ndi mimba imeneyo?"

"Yotchingira mphepo imeneyi."

A Overstone anaseka koyamba patapita miyezi. Anakayambira pamalo pomwe anakhala pansi paja. A Ambrosio patsogolo, a Overstone m'mbuyo ndi ndodo, akudandaula njira yonse: apa mwafulumira, apa mukukwawa, munthu wanji wosadziwa kuwerenga mapazi ake. Pothera pa tsiku ankaloweza mtengo kapena sitolo, sabata yotsatira n'kuyambira pomwepo. Masabata ena chifuwa chinkakana, ndipo ntchito ya masabata asanu ndi limodzi inatenga miyezi itatu.

Tsiku lomaliza anafika ku Merrion Square masamba atayamba kuyoyoka. Panalibe chingwe, panalibe ng'oma. Melody yekha anaima pamene anati mzere umakhala, atatambasula mpango wake wa m'khosi. Bambo wina wosesa mumsewu anaimitsa tsache kuti aone.

A Overstone anapatsira a Ambrosio ndodo, nawongola msana, nayenda okha mapazi otsalawo mpaka chifuwa chinakhudza mpango. Anaugwira kwa kanthawi, akupuma movutikira. Melody anafunafuna mawu a Chichewa m'mutu mwake, nati, "Mwamaliza, adadi."

"Lemba nthawi," anatero iwo. "Chaka chimodzi, miyezi khumi ndi umodzi. Wolakwa ndi wokokera liwiro."

"Pepani bwana," anatero a Ambrosio, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Anakhala pa benchi atatuwo. A Overstone anavula nsapato, napempha tiyi wa shuga wambiri, amene dokotala analetsa. Melody anapita kukagula.