Pepala lokulungira usipa

Nthawi imeneyo ndinkapalasa njinga kuchoka kwathu ku Chileka kukagulitsa tomato ku Lirangwe tsiku la msika. Pobwerera ndinkawagulira amayi usipa. Mayi wogulitsayo ankakulunga usipawo m'manyuzipepala akale, ong'ambang'amba.

Tsiku lina amayi akumasula kaphukusiko, mlongo wanga anaona zilembo zikuluzikulu zakuda papepalapo, nawerenga mokweza: "A KU CHILEKA AKUSAMUTSIDWA." Pansi pake panali chithunzi cha mchira wa ndege, basi pepala n'kuthera pomwepo.

Mvula yoyamba inali itagwa, anzathu akudzala. Amayi anatenga chidebe cha mbewu n'kuchibwezera kuchipinda.

"Ndidzale chimanga choti adzadye mathirakitala?"

"Amayi, mwina sakunena ife."

"Sakunena ife bwanji? Ife ndife a ku Nsanje?"

Zolembedwa munyuzi munthu ungatsutsane nazo bwanji? Nkhaniyo inafika kumjigo, pofika Lamulungu kutchalitchi ena ankatchula kale ndi dera lomwe atipititse. Koma ine chimene chinkandivuta n'chakuti, kodi mbali inang'ambikayo inkanena chani?

Patatha masabata angapo, tsiku la msika ndinapita kwa mayi wa usipa uja.

"Mayi, pepala munandikulungira lija, linzake lili kuti?"

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Achimwene, mwadzera usipa kapena sukulu? Ine nyuzi ndimagula pa kilo, sindiwerenga. Fufuzani m'katonimo, koma musandithamangitsire makasitomala."

Ndinagwada pansi pa benchi, anthu akundilumpha miyendo, mpaka ndinapeza chidutswa chokhala ndi mutu wa ndege ija. Sukulu ine ndinalekeza panjira, ndiye ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono. Tizilembo tating'onoto tinkanena za nyumba zochepa zomwe zinamangidwa mogundana ndi mpanda wa bwalo la ndege. Ndiponso akuti nkhaniyo anali akukambirana kumene, palibe chimene anali atagwirizana. Ife kumpandako n'kutali, ndege timangoimvera m'mwamba.

Nditawawerengera amayi, anandifunsa kuti:

"Nanga zazikuluzo analemberanji choncho?"

Funso limenelo ndikadali nalo mpaka lero. Bodza lenileni sananame, a kumpandawo ndi a ku Chilekadi. Komano nafenso ndife a ku Chileka. Mlongo wanga anamva kuti amene amakafunsa nkhani ndi wina, amene amaika zilembo zazikulu ndi winanso, woti kuno sanapondeko. Kaya n'zoona, kaya. Ngati zili choncho, awiriwo amakhala pansi n'kuuzana? Wachiwiriyo amadziwa kuti nyuzi yake ikafika kwa ife imakhala itadulidwa pakati, ikununkha usipa?

Amayi anatulutsa chidebe chija m'mawa mwake. Tinadzala chimanga chathu, cha anzathu chili m'mawondo. Chathu chinangofika m'chifuwa, zitsononkho zake ngati zala, ndipo chaka chimenecho tinayamba msanga kupita kumaganyu. Nyumba ya amayi ili pomwepo mpaka pano.