Mbewu ya Fanuel Alufandika

Fanuel Alufandika anabadwira kwa Chapananga, kumene mvula imagwa ngati yachita kukakamizidwa. Mutu wake unali wakuthwa, ndiye sukulu inamutengera kutali, nabwerako ali katswiri wa mbewu. Zaka zake zabwino anazithera pa siteshoni ya kafukufuku, akukwatitsa mitundu ya mapira mpaka anapeza wina wocha msanga, wosaopa dzuwa. Mbewuyo anayamba kuipereka kwa mlongo wake Teresa, mayi wamasiye, ndipo kuchokera m'munda mwake inafalikira midzi yonse. Anthu anangoitcha fanuwele. Ngala zambewu ankazipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe.

Kenaka chipani chinamuona. Chinali chimodzi chokha masiku amenewo, ndipo chikakuitana sunkafunsa kuti kukatani. Anakhala phungu, mimba inatuluka, khosi linasowa.

Chimene chimandiwawa ine mpaka lero n'chakuti munthuyu ankadziwa. Akuluakulu atalamula kuti aliyense adzale chimanga chamakono, Fanuel anaima pamsonkhano kwawo komwe, nati, "Mapira ndi chakudya cha mbalame ndi anthu otsalira." Akanalankhula wandale wamba, anthu akanaomba m'manja n'kukadzala mapira awo mwakachetechete, monga ankachitira nthawi zonse. Koma wolankhulayo anali mwini mbewu. Choncho anthu anatsitsa ngala zonse kudenga, naviika chimera, n'kufulula mowa wothokozera phungu wawo. Iye anamwa, navina nawo mpaka thukuta kamukamu.

Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Anthu anayenda mitunda kukazula nyika, mizu ya zomera za m'madzi, m'madambo a Shire kuti ana alawe kanthu, koma Teresa anaikabe mwana wake wotsiriza m'manda. Fanuel nayenso sanakhalitse. Mnzake wina wam'chipani anakamunenera kwa akuluakulu, mpando unapita, galimoto inalandidwa. Atabwerera ku siteshoni anapeza mapira ake anatayidwa kalekale, poti ndani akanasunga chakudya cha mbalame?

Kwa Teresa anafika wapansi, jekete lili pamkono, nakhala pakhonde.

"Achemwali," anatero, "kapena munasungako kangala kamodzi ka fanuwele? Ndikufuna ndiyambirenso."

Teresa sanadzutse mutu pa lichero la nyika.

"Ndinaviika yonse ndi manja angawa, achimwene, poti munanena ndinu. Mbewu yanu munamwa."