Njerwa ya a Mpumiro

Ndayendetsa galimoto ya pamalo athu a kafukufuku ku yunivesite kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo madokotala a zamaphunziro ndawanyamula ochuluka moti nzeru zikanakhala chimfine, bwenzi pano inenso ndili pulofesa. Dzina la malo athuwa ndi lalitali kuposa chitseko chake. Timafufuza za malonda a pakati pa mayiko ndi za chitetezo, komanso timaphunzitsa akuluakulu a boma kakonzedwe ka mfundo. Koma mwa onse amene ndawaona akukwera masitepe athu, amene ndimawavulira chipewa ndi mayi wina amene analibe digiri ngakhale imodzi.

Tinkawatchula a Mpumiro. Ntchito yawo inali kumvetsera mawu amene ofufuza ajambula kwa anthu, kuwalemba liwu ndi liwu, kenako kuwamasulira m'Chingelezi. Dzinalo linabwera chifukwa anakanganapo ndi dokotala wina sabata yathunthu pa kadontho kamodzi. Dokotalayo anaika mpumiro pamene wolankhula anangoima kuti ameze malovu, ndiye mayiwo anamufunsa kuti, "Munthu sanamalize kulankhula, inu mukumutsekeranji pakamwa?"

Ankagwira ntchito m'kachipinda kamene kale kanali kosungiramo mapepala, moyandikana ndi makina a fotokope. Chitseko chake sankatseka. Pansi pake ankaikapo njerwa yootcha imene anabwera nayo okha m'chikwama tsiku loyamba ntchito. Makina alire, anthu asokose m'khonde, iwo ankangokanikiza mahedifoni m'makutu n'kumatayipa. Ine ndiye ndinali katswiri wowaseka.

"Achemwali, mukuopa kuti tikuiwalani m'menemo?"

"Adalaivala, inu zanu ndi magiya. Za zitseko zisiyeni."

Asanabwere kwathu anachita geni zaka zisanu ndi zinayi, kukaoda nsalu ndi mbale kutsidya la malire. Bambo akunyumba atamwalira anasiya maulendowo n'kuphunzira kutayipa. Kuno analembedwa pa kontirakiti yowonjezera chaka ndi chaka, ndipo ntchitoyo inkabwera ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa laibulale. M'menemo ankalera adzukulu awiri, ana a malemu mwana wawo wamkazi. Ntchito ikatha, denga nalo latha, ndipo aliyense pamalopo ankadziwa zimenezo.

Chaka chathachi Pulofesa, mkulu wa malo athu, anapeza kafukufuku wa azimayi ochita malonda a m'malire. Si munthu woipa, ndinene chilungamo, koma amamva ndi maso. Chimene sichili pa tchati, kwa iye sichinachitike. Ndinawatengera kumalire iyeyo ndi a Mpumiro, ulendo wa tsiku lathunthu. Pashedi ya kuseri kwa msika, azimayi anangomuyang'ana Pulofesa ngati wabwera kudzawerenga mano awo. Mafunso khumi, yankho limodzi: "Kaya." A Mpumiro anadzuka, nagwira mtolo wa mayi wina n'kunena kuti, "Asisi, mfundo iyi ikumasukirani musanafike pamlatho." Anaumasula n'kuumanganso mwa ukatswiri. Azimayi anaseka, ndipo analankhula masiku atatu.

Potsanzikana ndinawamva a Mpumiro akulonjeza. "Zimene mwanenazi zikafika momwe mwanenera. Ndikakasintha liwu limodzi, mudzandilavulire malovu pamsika pano."

Liwu limene linkabwerabwera m'mawu a azimayiwo linali lakuti "timalambalala". Katundu amamupereka kwa anyamata a njinga kuti adutse naye pachipata, mapepala ake onse ali m'manja. Eniakewo ndiwo amatsika kumunsi, kuwoloka kakhwawa ndi mapazi, n'kukakumana ndi katundu wawo kutsidya. Chifukwa chake ndi kachipinda ka kuseri kwa chipata, kumene alonda aamuna amasechera azimayi, mmodzimmodzi, chitseko chotseka.

Lipoti litalembedwa, azimayi aja anasanduka "ozembetsa katundu". Kumapeto kwake kunali tsamba loti womasulira asaine kuti mawu onse ndi oona. Ndinali mu ofesi ya Pulofesa kudzasiya makiyi pamene a Mpumiro analowa ndi tsambalo, losasainidwa.

"Bwana, apa mwalemba zimene sananene."

"Mayi, munthu wodutsa njira yosavomerezeka timamutchula choncho. Ndi mawu a m'mabuku, si anga."

"Wozembetsa amabisa katundu, bwana. Awa katundu wawo amadutsa masana dzuwa likuswa mtengo. Chimene akubisa ndi matupi awo."

"Za kachipindako tilibe umboni wokwanira. Komanso amene tikukawaphunzitsa Lachinayi ndi akuluakulu a alonda omwewo. Mukufuna tikawatukwane pamaso?" Anavula magalasi n'kutsitsa mawu. "Kontirakiti yanu ikutha mwezi uno, ndipo ndimafuna ndiiwonjezere. Sainani, tisavutane."

A Mpumiro anaika tsambalo patebulo mwaulemu, ndi manja awiri, natuluka. M'khonde ndinawathamangira. Ine mantha ndili nawo, sindibisa, ndipo ndinkaganiza za ana aja.

"Achemwali, liwu limodzi lokha? Sainani. Pepala silidya munthu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adalaivala. Inu simunamve kanthu, khalani phee."

Lachinayi holo inadzaza. Akuluakulu a chitetezo cha m'malire makumi anayi, mayunifolomu ositidwa mpaka kuthwa, aliyense botolo la madzi patsogolo. Madziwo ndinanyamula ndine, n'chifukwa chake ndinaima pakhomo. A Mpumiro anakhala pambali ndi kompyuta, poti ntchito yoseweretsa mawu ojambulidwa inali yawo. Pulofesa anafotokoza matchati ake, kenako anati timve kachidutswa kakafupi kuchokera kwa ozembetsa eniake.

Mawu a mayi wina anamveka m'sipika. "Ife pachipata sitidutsa ayi. Timalambalala."

"Zikomo, pakwana," anatero Pulofesa.

Mawu aja anapitirira. "Timalambalala chifukwa ukalowa m'kachipinda kaja..."

"Mayi, ndati pakwana."

"Munthu sanamalize kulankhula, bwana," anayankha a Mpumiro, manja ali pamiyendo.

Pulofesa akanatha kukazula waya, koma pamaso pa anthu makumi anayi sanayerekeze. Mayi wa m'sipika uja analankhula mphindi zinayi. Ananena za manja a alonda, za kuuzidwa kuti avule, za mwana wake wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene anamuperekeza kamodzi kokha ndipo sanafunenso kumva za malire. Atamaliza, m'holomo wina ankatembenuza cholembera, wina ankawerenga chizindikiro cha pabotolo ngati muli nkhani.

Kenako bwana wina waimvi, wa nyenyezi zambiri paphewa, anakweza dzanja. "Zipinda zosechera lamulo limati zisakhomedwe. Mayiyu akunena zoona? Chitsekocho chimakhomedwa?"

Pulofesa anayamba kusanthula mapepala. Yankho silinali m'menemo, ndipo silinalinso m'mawu ojambulidwa aja.

"Chimakhomedwa mkati, bwana," anatero a Mpumiro. "Loko wake ali pamwamba, poti mkazi wamfupi ngati ine safikira."

Ananena akumuyang'ana bwanayo m'maso, mpaka iye ndiye anayang'ana pansi n'kuyamba kulemba. Ine pakhomo paja ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuseka njerwa ija.

Kalata yothetsa ntchito ya a Mpumiro inabwera sabata yotsatira, yaulemu kwambiri, yowathokoza chifukwa cha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito yotamandika. Ulemu wa m'makalata umandinyansa kuyambira tsiku limenelo. Lipoti linatuluka ndi chikuto chonyezimira, liwu lija loti "ozembetsa" lilimobe. Koma tsegulani tsamba lomaliza muone: pamzere wa womasulira palibe dzina. Pulofesa anayesa kupeza wina woti asaine, koma atsikana awiri amene a Mpumiro anawaphunzitsa ntchito anati sanamve bwino mawuwo, makutu akuwavuta. Za kachipinda ka kumalire kaja ndimamva mphekesera zosiyanasiyana, ndipo sindinapiteko kukaona, choncho sindinama.

Tsiku losamuka ndinatenga galimoto ya ntchito popanda chilolezo, andilembe kalata akafuna. Tinakweza mabedi, mapoto, makina osokera ndi adzukulu awiri pamwamba pa matiresi. Ankapita kwa mng'ono wawo, kutsidya la njanji, kuchipinda chimodzi. Tinaima pa ofesi kuti atenge kapu yawo ndi mahedifoni. Ndinkafuna kupepesa.

"Achemwali, ine zija ndinkanena zija..."

"Adalaivala, mukalira muwombetsa galimoto ya eni."

Anatuluka m'kachipinda kawo kaja osacheuka. Atafika pamasitepe anaima.

"Njerwayo musaisiye. Kumene ndikupitako kulinso zitseko."

Ndinawerama n'kuinyamula, ndipo chitseko chinadzitsekera chokha kumbuyo kwanga.