Kuchokera Pampope Kufika Pawindo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene lole inatsitsa mabuloko kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata. Uthenga wa kalabu ina ya kumeneko unali utagona mufoni mwanga milungu iwiri, ine ndikuzengereza. Nditaona mabulokowo ndinadziwa kuti malo anga pakhomo atha, ndipo tsiku lomwelo ndinayankha kuti ndikubwera.

Ndimasewera kiriketi, ndipo ntchito yanga m'timu ndi kuponya mpira mwamphamvu. Woponya sangoima n'kuponya ayi, amayamba wathamanga kaye, ndipo aliyense ali ndi masitepe ake amene miyendo inazolowera. Anga ndi khumi ndi anayi. Si kochi amene anandipatsa. Kuseri kwathu, kuchokera pampope kufika pawindo la chipinda cha makolo anga ndi masitepe khumi ndi anayi ndendende, ndipo chakutsogolo kuli khoma la aneba. Kuyambira ndili giredi sikisi, m'mawa uliwonse ndinkathamanga kuchokera pampope, n'kuponya ndili pawindo, mpira n'kukagunda khoma. Bambo anga, amene amawotcherera zitsulo pafakitale ina ku Heavy Industrial, anadzutsidwa ndi phokoso limeneli zaka zisanu ndi zitatu.

"Iwe Tiyese, ino ni nyumba, si gilaundi," ankatero ali m'kati. "Bantu tifuna kugona."

Masewerawa sankawakonda. Ankati ndi a eni masitolo a ku Kamwala, anthu okhuta amene angathe kuima padzuwa tsiku lonse atavala zoyera. Atandisankha m'timu ya dziko n'kupita kukasewera ku Botswana, iwo anangofunsa ngati kumeneko amalipira. Kubwalo sanapondeko ndi tsiku limodzi lomwe. Mabuloko aja anali a zipinda ziwiri za lendi zimene mayi ankazilakalaka kuyambira kale, ndipo malo ake anali omwe aja, pakati pa mpope ndi windo.

Nditawauza za ulendo, bambo anatsitsa envulopu pamwamba pa wadiropu. Munali mafomu a sukulu ya unamwino.

"Nakupasa chaka chimozi," anatero. "Vikakanga, olo ukazipweteka, mafomu yali apa. Sitizakambilana futi."

Ndinavomera msanga, poti munthu wa zaka makumi awiri saganiza kuti thupi lingamukane. Ku siteshoni ya mabasi ya Intercity anandiperekeza mayi okha. Anakangana ndi wonyamula katundu amene ankafuna kuponya chikwama changa cha zosewerera pansi pa matumba a nsomba za kapenta, kenako anandipempherera pakhomo la basi, kondakitala akutiuza kuti tikutseka njira.

Ku Joni anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba ya kalabu, pafupi ndi mosungira makina otchetchera udzu. Pakati pa mlungu ndinkaphunzitsa ana a sukulu kugwira mpira, Loweruka n'kusewera. Ndalama sizinali zambiri monga mmene anthu a ku Kabwata ankaganizira. Zinkakwana chakudya, foni, ndi kangachepe kotumiza kwa mayi mwezi ukatha, basi. Koma bwalo lake linali la udzu weniweni, osati simenti yoyala mkeka ngati kwathu, ndipo mpira wanga unkauluka mpaka ine mwini ndinkadabwa. Miyezi iwiri yoyamba ndinatulutsa m'masewero omenya mpira ambiri kuposa aliyense m'timu.

Chimene sanandiuze ndi kusungulumwa. Masewero akatha, anzanga ankalowa m'magalimoto awo, mlonda n'kutseka geti, ine n'kutsala ndi bwalo lonse. Sanali anthu oipa, kungoti aliyense anali ndi kwawo. Lamulungu ndinkaphika, kuchapa zovala zoyera kale, n'kumvera mbalame. Nthawi zina ndinkayankhula ndekha Chinyanja kuti ndimve ngati chikadalipo. Ndinkasowa ngakhale kukalipa kwa bambo pawindo paja.

Lamulungu lomwelo ndinkatumiza tividiyo ta masewero pagulu la banja lathu pafoni. Mayi ankayankha ndi mapemphero aatali. Bambo sankalemba kanthu. Foni inkangosonyeza kuti aona, ndipo ine ndinkati mwina amangotsegula kuti uthenga uchoke.

Msana unayamba mu Disembala. Poyamba unkangonyong'onya m'munsi kumanzere ndikaponya, kenako unayamba kubaya ngati msomali. Sindinauze munthu. Kalabu inandiitana kuti ndidzaponye, ndipo ndinkadziwa kuti wosaponya alibe chipinda. Kunyumba nako kunali envulopu ija. Ndiye ndinachita zimene woponya aliyense wamantha amachita: ndinadula masitepe. Ndinatsika kufika pa khumi ndi awiri, kenako asanu ndi anayi, kuti thupi lisafike pamzere woponyera ndi liwiro lonse. Kochi atafunsa ndinati ndikuyesa njira yatsopano. Tividiyo ndinapitiriza kutumiza, ndikusankha tokhato timene ndagwetsa timitengo ta kumbuyo kwa womenya mpira, pansi pake n'kulemba kuti zonse zili bwino.

Lero ndikaganiza ndimaona kuti kunali kupusa, koma nthawi imeneyo ndinkaona ngati nzeru. Mu Febuluwale ndinagwada pakati pa masewero osathanso kuimirira. Dokotala atajambula anapeza kuti kafupa ka kumsana kang'aluka. Anati kadzapola, koma ndisagwire mpira miyezi inayi, ndipo pambuyo pake ndidzayambe pang'onopang'ono. A kalabu anandilipirira chipatala ndi tikiti ya basi, n'kunena kuti ndikachira ndidzawauze. Kunyumba ndinalemba kuti masewero atha msanga chifukwa cha mvula.

Ulendo wa basi ndi msana wotero sindiufunira ngakhale mdani. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ndipo pofika pachipata cha Chirundu ndinali nditavomera mumtima kuti ndikadzaza mafomu. Ndinalira pang'ono, mayi wina amene ndinakhala naye pampando n'kundipatsa chimanga chowotcha osafunsa kanthu.

Pa Intercity mayi anandiyang'ana mmene ndinkatsikira, n'kundilanda chikwama.

"Leta kuno. Na msana uyo unganyamule chani?"

Ndinafuna kuwafunsa kuti adziwa bwanji. Sindinawauzepo za msana, koma anali atayamba kale kukangana ndi wa takisi.

Titafika kunyumba ndinapita kuseri kuti ndikaone zipinda za lendi, ndithane nazo. Ndinapeza chipinda chimodzi chokha, chomangidwa chopingasa, chopanikizika kumpanda ngati munthu wopatsa njira mnzake. Mabuloko otsala anali ataunjikidwa pakona, atayamba ndere. Kuchokera pampope kufika pawindo panali poyera. Inali nthawi ya mvula, udzu uli paliponse, koma kanjira kanga kanali kopalidwa bwino.

"Ni batate bako," anatero mayi atandipeza. "Ba bilida banakamba mpaka kulema, ati malo yakwana tu lumuzi. Beve ati iyayi, apa pali nchito ya muntu. Nakwiya nabo myezi itatu."

Bambo anafika chakumadzulo atavala ovolosi yawo. Ndinawalonjera, iwo n'kukhala pampando wapakhonde kuvula nsapato. Ndinayamba nkhani yanga ya mvula ija, koma sanandilole kufika patali.

"Mvula siichosa masitepe," anatero. "Unayenda na fotini. Pa Khisimisi yanali twelofu. Mu Janyuwale naini. Dokota akamba chani?"

Ndinawafunsa kuti ankadziwa bwanji, popeza ngakhale kochi anatenga nthawi kuti azindikire.

"Zaka eiti unali kuniusha na mendo yako. Nenze kubelenga nili pa bedi. Ukafika fotini niziba ati manje chipupa chalila, niuke niyende ku nchito. Mavidiyo yako nenze kubelenga chimozimozi."

Ndinawauza zonse, za kafupa, za miyezi inayi, za bodza. Anamvetsera akuyang'ana masokosi awo. Sanandikalipire, koma ananena kuti chinawapweteka n'chakuti ndinkawatumizira tividiyo ngati ndikutumizira mlendo. Anati ankadikira kuti ndinene ndekha, ndipo mlungu uliwonse ankauza mayi kuti mwanayu wavulala. Manyazi amene ndinamva anaposa ululu wa msana.

Ndinadzuka kuti ndikatenge envulopu ija ndekha, poti pangano ndi pangano.

"Uyenda kuti?"

"Kutenga mafomu, atate."

"Yasiye. Makoswe sanadye, yazakuyembekeza. Bwela uone."

Ananditengera kuseri. Anaima pawindo, n'kuyamba kuyenda cholowera kumpope akuwerenga motsitsa mawu, masitepe aataliatali oseketsa, akuyesa kutsanzira anga. Atafika pa asanu anaima, n'kutenga buloko imodzi pamulu paja n'kuiika m'mbali mwa kanjira.

"Dokota akakuvomeleza, uzayambila apa. Osati naini, osati fotini. Buloko nizayamba kuisendeza ine, osati iwe."

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ku Joni sindikudziwa ngati adzandiitananso, ndipo m'timu ya dziko muli mtsikana wina wa ku Chelstone amene akuponya bwino pamalo panga. Mafomu akadali pa wadiropu. Wa lendi m'kachipinda kopingasa kaja anadandaula kamodzi za phokoso la m'mawa, bambo n'kumuuza kuti nyumba zachete zili ku Kabulonga kwa anthu olemera. Kubwalo sanapitebe, ndipo akuti masewerawa ndi otayitsa nthawi. Koma Lolemba lililonse, asanapite kuntchito, amatuluka ndi ovolosi yawo, n'kuyang'ana mmene ndikuyendera, n'kusankha ngati buloko isunthe kapena ayi. Mlungu uno ili pa khumi ndi limodzi. Kuti ndifike pampope kwatsala masitepe atatu.